Mpando wa Pafupi ndi Khomo

Olemekezeka Mayi Wapampando a bungwe la opanga mafilimu;

olemekezeka eni ake a holo ino, amene mwatipatsa denga, mipando ndi magetsi, ndipo za magetsizo ndibwererako;

olemekezeka mtsogoleri wa filimu imene tabwera kudzaonayi, mwana wanga, ngati mungandilole kukutchulani choncho;

ochita sewero nonse khumi ndi awiri, amene mwakhala mu mzere wachiwiriwo mutatchena ngati operekeza mkwatibwi;

oimba, ojambula, osoka zovala, onyamula zingwe ndi nyali, inu amene mayina anu amadutsa pa kanema anthu atayamba kale kufunafuna zikwama zawo pansi pa mipando;

atolankhani anzanga, amene ndikuona kuti mwakhala kumapeto kwa mizere, pafupi ndi khomo, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa bwino;

amayi ndi abambo;

ndipo pomalizira, ngakhale munayenera kukhala oyamba, Mayi Namwino, amene mwakhala apo mutapinda manja, ndipo simunandiyang'aneko chilowereni muno. Kwa amene simukuwadziwa, mayiwa sanagwirepo ntchito m'chipatala. Dzinali analitenga m'sewero, ndipo linawakanirira mpaka lero.

Ndakupatsani moni nonse.

Mayi Wapampando, pondiitanira kutsogolo kuno mwanena zabwino zambiri za ine. Mwati ndinalemba za zisudzo ndi mafilimu m'nyuzipepala kwa zaka 34, ndipo ndi zoona. Mwati ochita zisudzo ankalawirira Lamlungu kukagula nyuzipepala kuti aone ngati Lumo wawameta mpala kapena wawasiyirako tsitsi, ndipo nazonso ndi zoona, pakuti Lumo ndi dzina limene anthu anandipatsa, ndipo ine ndinkalinyadira ngati mendulo. Koma mwanenanso kuti palibe sewero limene ndinalembapo ndisanalione ndi maso anga, ndipo pamene mumanena mawu amenewo ndinamva munthu akutsokomola mzere wachitatu. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa. Ndi cha mayi a kunyumba kwanga, ndipo sakudwala.

M'thumba la jekete ili muli mapepala awiri amene ndinalemba sabata yatha, onena za ubwino wa luso, za achinyamata ndi za tsogolo lowala. Ndi mawu osalala, oti mukanawaombera m'manja n'kuwaiwala musanatuluke pageti. Sindiwawerenga. M'moyo mwanga ndaomberedwa m'manja mokwanira. Masana ano ndabwera ndi manyazi, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndiwatule pamaso panu, chifukwa akuluakulu anati mlandu suola, ndipo wangawu watha zaka 27 ukadali wauwisi.

Ndiyambe ndi filimuyi, poti ndiyo mwini tsiku. Dzina lake ndi Khomo Lolakwika. Muona nyumba imodzi ya lendi ya zipinda zambiri, khonde limodzi lalitali, mpopi umodzi panja, ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala chimene anthu khumi ndi awiri amalimbirana m'mawa uliwonse. Wometa, mnyamata wamanyazi, akonda namwino wa chipinda chakumapeto. Pakamwa pamukanika, ndiye alemba kalata, osaikapo dzina lake, osaikapo dzina la mwini kalata, n'kuilowetsa pansi pa chitseko. Chitsekocho ndi cholakwika. Kalata igwera mayi wamasiye, amene kuyambira tsiku limenelo ayamba kudzola milomo ngakhale popita kukataya zinyalala. Ichoka apo igwera dalaivala wa basi, ichoka apo igwera mphunzitsi, mpaka wapolisi wopuma ntchito aganiza zotsegula kafukufuku, n'kumaitana anthu mmodzimmodzi pakhonde kudzawafunsa mafunso moimba. Pofika pakati, anthu asanu ndi atatu akukhulupirira kuti akukondedwa, atatu akuchita nsanje, ndipo wometa amene anayambitsa zonsezi wasokonezeka mutu moti akumeta anthu mokhota.

Pali nyimbo ya pampopi imene ndikufuna muimvetsetse. Aliyense abwera ndi ndowa yake, aliyense akuimba dandaulo lake, mawu khumi ndi awiri akupita kosiyanasiyana ngati kuti sadzakumana, kenako pa mzere umodzi wokha onse akumana, ndipo tsitsi limakuima. Palibe mmodzi mwa anthu awa amene anganene kuti filimuyi ndi yake. Mutachotsapo ngakhale mayi amene ntchito yake ndi kungosuzumira pawindo, nyumba yonse ipendekeka.

Zimene ndakuuzanizi ndi theka loyamba. Theka lachiwiri sindinalione, ndipo aka ndi kachiwiri kusaliona.

Achinyamata ambiri muno simukudziwa kuti filimuyi isanakhale filimu inali sewero la pa siteji. Analilemba ndi kupeka nyimbo zake ndi bambo wina amene tinkangomutchula kuti Gitala, mwamuna wa Mayi Namwino, bambo wa mtsogoleri wa filimuyi. Anasonkhanitsa anzake khumi ndi mmodzi, anthu ogwira ntchito zawo masana, amene kwa chaka chathunthu ankakumana m'galaja ya mnzawo akaweruka. Analonjezedwa holo kwa Maloweruka asanu ndi awiri. Mkulu wina wa pawailesi anali atanena kuti sewero likayenda bwino adzajambula nyimbo zawo. Loweruka loyamba, ine Lumo ndinapita kukaona, ndipo ndinatenga mayi a kunyumba.

Tsopano ndikuululireni mmene tinkagwirira ntchito, ndipo anzanga a pafupi ndi khomo mundikhululukire poti ndikuulula za m'nyumba. Sewero linkayamba 3 koloko masana. Tsamba langa la Lamlungu linkatsekedwa 5 koloko, ndipo mkonzi wathu, amene tinkamutchula kuti Wotchi chifukwa ankayang'ana padzanja ngakhale pomupatsa moni, sankadikira munthu. Ndiye panali nzeru imene wamkulu ankaphunzitsa wamng'ono. Ukalowa mu holo, tenga pulogalamu yolembedwa mayina ndi mndandanda wa nyimbo. Khala mpando wakumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, kuti potuluka usaponde phazi la munthu. Ikafika nthawi yopuma, anthu akamapita kukawongola miyendo, iwe wongola yako mpaka ku ofesi. Gawo lotsalalo ulemba kuchokera m'mutu, chifukwa, tinkatero, sewero la chikondi ndi basi ya msewu umodzi: ukadziwa kumene yachokera, wadziwa kumene ikupita.

Ndinachita zimenezi kambirimbiri osagwidwa, ndipo munthu ukaba osagwidwa umayamba kuganiza kuti ndi luso.

Tsiku limenelo gawo loyamba linandiseketsa. Ndikunena pamaso panu kuti linandiseketsa mpaka misozi, koma ndinabisa nkhope mu mpango, chifukwa Lumo sankaseka pagulu. Ndinali nditazindikira kale kuti ndikayamikira sewero palibe amene amakumbukira zimene ndalemba, koma ndikalinyoza anthu amawerengerana mokweza m'mabasi ndi m'malo ometera. Nthawi yopuma itakwana ndinanong'oneza mayi a kunyumba kuti, "Mundipeza kunyumba." Iwo anati, "Osadikira lithe?" Ine ndinati, "Latha kale ili, kungoti eni ake sakudziwa."

Ku ofesi kwathu, mbali ina ya tauni, ndinakhala pa makina otayipira n'kulemba. Pepala lake ndili nalo pano, lachita chikasu, ndipo ndikuwerengerani ndime yomaliza mmene inatulukira.

"Gawo lachiwiri linali chiphokoso chokhachokha. Magitala ndi zokuzira mawu zinalira mpaka kumiza mawu a namwino pa nyimbo yomaliza, ndipo mwina tiwathokoze a magitalawo, chifukwa mawu a mayiwa akakwera amamveka ngati chitseko chosowa mafuta. Monga aliyense anadziwira kuyambira pachiyambi, namwino akwatiwa ndi wometa, ndipo tonse tinapita kwathu titatopa."

Ena mwaseka, ndipo sindikukuimbani mlandu. Ndinalemba kuti museke, ndipo nthawi imeneyo anthu anaseka kwambiri. Koma taonani mawu akuti "tonse tinapita kwathu". Mawu amenewo ndi amene amandidzutsa mpaka lero.

Mayi a kunyumba anafika madzulo akung'ung'udza nyimbo, nsapato zili m'manja. Sindinawafunse kanthu, poti ndinali wodziwa kale. M'mawa mwake nyuzipepala itabwera, anaiwerenga ataimirira pakhomo la khitchini, anaiwerenganso kachiwiri, kenako anandiyang'ana.

"Bambo a ana, mwalemba za sewero liti?"

"Ladzulo lija."

"Ladzulo lija magetsi anazima."

Amayi ndi abambo, patangopita mphindi khumi nditatuluka, magetsi anazima dera lonselo. Magitala awo anali amagetsi. Zokuzira mawu zinangoti zii. Holo inali mdima. Ndipo malinga ndi mayi a kunyumba, Gitala anabwera kutsogolo, anaika gitala yake pansi, napempha anthu okhala m'mbali kuti atsegule mawindo ndi zitseko zonse kuti dzuwa lilowe. Anakhala pa mpando m'mphepete mwa siteji n'kumaomba pabondo pake kuti anzake asataye mayendedwe a nyimbo, ndipo anthu khumi ndi awiriwo anaimba gawo lonse lachiwiri ndi pakamwa pokha. Nyimbo yomaliza Mayi Namwino anaimba ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, yunifolomu itawathina, ndipo holo inakhala chete moti munthu ankamva galimoto ikudutsa kumsewu. Atamaliza, anthu anaimirira, ndipo anawabwezera pa siteji katatu.

Ine ndinali nditalemba za magitala amene sanalire, za mawu amene sindinawamve, ndi za kutopa kwa anthu amene anapita kwawo akuimba. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinafunsa mayi a kunyumba kuti, "Nanga za ukwatizo ndinalondola?"

Anati, "Ayi."

"Ndiye namwino anakwatiwa ndi ndani?"

Anapinda nyuzipepala bwinobwino, anaiika patebulo, nati, "Mukafunse eni ake."

Mayi awa ndakhala nawo zaka 41. Tabereka ana anayi. Tagawana bulangeti, matenda ndi maliro. Koma mpaka lero sanandiuze kuti namwino anakwatiwa ndi ndani. Ndawanyengerera, ndawagulira nsalu, tsiku lina ali m'chipatala atangotsitsimuka ndinayesa kufunsa ndikuganiza kuti mankhwala awafewetsa, koma anangotsegula diso limodzi nati, "Eni ake alipo." Inde, aombereni m'manja, ayenera.

Kufika apa nkhaniyi ndi yoseketsa, ndipo ndikanakonda ikanathera pomwepa. Munthu amalakwitsa. Chimene chinatsatira si kulakwitsa ayi.

Lolemba m'mawa, mayi wolandira alendo ku ofesi anandiimbira foni. "Bwana, kuno kuli mayi woyembekezera akufuna kukuonani." Ndinadziwa kuti ndi ndani. Ndinati, "Muwauze ndili pa msonkhano." Patapita ola anaimbanso. "Akuti adikira." Chitseko cha chipinda chathu cholembera nkhani chinali ndi kagalasi kakang'ono, ndipo ndinapita kukasuzumira. Mayi Namwino munali pa benchi yathabwa ija, pansi pa kalendala, mutavula nsapato chifukwa mapazi anali atatupa, pulogalamu ya sewero ili pamiyendo. Simunkalira, simunkakalipa. Munkangoyang'ana chitseko chimene ine ndinabisala kuseri kwake.

Munadikira maola atatu. Ine, bambo wamkulu, wa tayi, woopedwa ndi ochita zisudzo onse, ndinatulukira khomo lakumbuyo kudzera m'chipinda cha makina osindikizira, ndinapaka inki pa mkono wa malaya, n'kukakhala m'kantini ya kuseri kwa msewu mpaka nditatsimikiza kuti mwapita. Pobwerera ndinapeza mwasiya pulogalamu ija, ndipo kumbuyo kwake munalemba ndi pensulo mizere iwiri. Iyi ili apayi.

"Magetsi anazima. Ndipo sindinakwatiwe ndi wometa."

Wotchi, mkonzi uja, anamwalira kalekale, ndipo sindikufuna kuti wina achoke muno akuganiza kuti mlanduwu ndi wake. Iye anaiona pulogalamuyi. Anandiitana nati, "Lumo, tiike kabokosi kopepesa pansi pa tsamba Lamlungu likubwerali. Mizere itatu basi." Ndine ndinakana. Ndinati, "Tikapepesa kamodzi, adzakhulupirira chiyani za ine? Zisiyeni, mawa anthu aiwala." Ndinkaopa kuti akadziwa za sewero limodzi ayamba kufunsa za ena onse amene ndinawaonera theka. Ndinayeza dzina langa mbali ino, anthu khumi ndi awiri mbali inayo, ndipo ndinasankha dzina langa.

Anthu anaiwaladi. Amene anali mu holo tsiku lija anali mazana awiri okha, ndipo sanali anthu olamula kanthu. Amene anawerenga nyuzipepala anali zikwizikwi, ndipo pakati pawo panali a komiti yoyang'anira holo ija, amene sanabwere kudzaonera koma anaona tsamba langa. Anatumiza uthenga kuti Maloweruka asanu ndi limodzi otsalawo apereka kwa ena. Mkulu wa pawailesi uja anayamba kukhala wotanganidwa. Gululo linayesa kukumana m'galaja muja kwa miyezi ingapo, kenako mmodzi anasamuka, wina mkazi wake anamuletsa, wina anangosiya kubwera. Sewero limene analikonzekera chaka chathunthu linaonetsedwa kamodzi kokha, popanda magetsi.

Gitala anapachika gitala yake pa msomali, nakalowa ntchito m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Ndinakumana naye kamodzi, patapita zaka ngati khumi. Chitseko cha kuchipinda kwathu chinali chitagwa, ndipo ndinalowa m'sitolo ina kukagula mahinjesi, osadziwa kuti ali mmenemo. Ndinamuzindikira nditafika kale pakauntala, pothawira palibe. Imvi zinali zitayamba, pensulo ili kukhutu. Anandipatsa moni mwaulemu, anandisankhira mahinjesi olimba, anawakulunga m'pepala pamodzi ndi zomangira zake, ndipo pondipatsira anamwetulira nati, "Muziwathira mafuta, bwana, angamamveke ngati mayi a kunyumba kwanga."

Sananene mwaukali. Akanandilalatira bwenzi nditapeza poyambira. Ndinangoima pamenepo, kaphukusi kali m'manja, mawu akuti pepani ali pakhosi penipeni, kumbuyo kwanga kuli anthu awiri akudikira kugula penti. Ndinati, "Zikomo," n'kutuluka. Zikomo. Ndiwo mawu okhawo amene bambo ameneyo anawamva kuchokera pakamwa panga. Anamwalira zaka zinayi zapitazo. Za maliro ndinamva, ndinavala jekete, ndinafika mpaka pamphambano ya msewu wa kwawo, n'kubwerera.

Masabata atatu apitawo ndinali kuthirira maluwa pakhomo pamene mayi wachitsikana anagogoda pageti, envelopu ili m'manja. Anati, "Bambo, ine ndine mwana wa Gitala." Madzi a mu paipi anandithira mapazi osazindikira. Uyu ndi mwana uja anali m'mimba pa benchi ija, amene naye ndinamudikiritsa maola atatu asanabadwe.

Anandiuza kuti bambo ake atamwalira anapeza sutikesi pansi pa bedi, muli sewero lonse lolembedwa pamanja, nyimbo zonse, ndi tsamba langa lija litapindidwa pakati. Anandiuza kuti anafunafuna a gulu lakale lija, napeza asanu, ndipo asanuwo ali mu filimuyi, tsopano akuchita mbali za achikulire; mayi ake ndiwo wamasiye wodzola milomo uja. Kenako anandipatsa envelopu nati, "Amayi akuti mudzakhale mlendo wolemekezeka."

Ndinati, "Mwana wanga, mukudziwa kuti ndine ndani?"

Anati, "Tikudziwa, bambo. Akuti simunaone mathero."

Anandisiyira kafulashi, kachipangizo kosungiramo kanema, kuti ndionereko filimuyi pokonzekera zolankhula. Ndinaonera pabalaza ndi mayi a kunyumba, ndipo ulendo uno ndinaseka osabisa nkhope. Itafika pakati penipeni, pamene wapolisi wasonkhanitsa onse pakhonde kuti aulule mwini kalata, kanema anangoda bii. Ndinagwedeza waya, ndinazimitsa n'kuyatsanso, osatheka. Ndinamuimbira foni mtsogoleriyu. "Mwana wanga, filimu ija yaduka pakati." Anati, "Siinaduke, bambo. Amayi anati inu theka limakukwanirani, kwinako mumalemba nokha."

Sekani ndithu. Mayi a kunyumba anaseka mpaka kugwira mpando, ndipo ine ndinapita kukakhala kuseri kwa nyumba. Chilango chimenechi ndinachiyenera, ndipo ndi chopepuka poyerekeza ndi mlandu wake.

Mayi Wapampando, pa ntchito yathu ya utolankhani pali lamulo lakuti cholakwika chikonzedwe pamalo pamene chinalakwidwira. Lachiwiri lapitali ndinakwera masitepe a ofesi yanga yakale, ndinakhala pa benchi ya alendo, yomwe tsopano ili ndi khushoni, mpaka mkonzi watsopano anandiitana. Wavomera kuti Lamlungu likubwerali mawu awa atuluke pa tsamba lomwe lija, pamwamba, osati m'kabokosi kapansi. Koma Mayi Namwino anabwera okha ndi mapazi awo kudzandiuza zoona, ndiye si bwino kuti akamve kupepesa kwanga kwa wogulitsa nyuzipepala. Ndiwerenga pano.

"Zaka 27 zapitazo, tsamba lino linalemba za sewero lotchedwa Khomo Lolakwika. Wolemba nkhaniyo sanaone gawo lachiwiri la sewerolo, chifukwa anachoka pa nthawi yopuma. Magitala sanamize mawu a munthu aliyense, chifukwa magetsi anali atazima. Nyimbo yomaliza wolembayo sanaimve. Nyimbo zimene anazimva m'gawo loyamba zinali zokoma, ndipo mayi amene anachita mbali ya namwino anaimba bwino kuposa aliyense amene wolembayo anamumva chaka chimenecho. Anthu sanapite kwawo atatopa, anaimirira n'kuomba m'manja. Namwino sanakwatiwe ndi wometa. Wolembayo ananama, anauzidwa kuti wanama, anapatsidwa mpata wokonza, ndipo anakana. Akupepesa kwa anthu khumi ndi awiri a gululo, amoyo ndi omwe anatsogola."

Musaombe m'manja, chonde. Munthu saomberedwa m'manja pobweza chinthu chimene anachisunga zaka 27 chili cha eni ake. Madzi akatayika saoleka. Pepalali silibweza Maloweruka asanu ndi limodzi aja, silibweza nyimbo zimene Gitala akanapeka akanakhala kuti sanapachike gitala, ndipo iye mwini sadzaliwerenga. Ndachedwa, ndipo ndikudziwa kuti ndachedwa.

Mayi Namwino, ndalankhula kwa anthu onsewa chifukwa n'kosavuta kuyang'ana anthu mazana kusiyana ndi kuyang'ana munthu mmodzi. Tsopano ndikuyang'ana inu. Ndinali kuseri kwa chitseko chija. Sindinali pa msonkhano. Ndinakuonani, ndinaona mapazi anu, ndipo ndinathawa. Pepani, mayi. Pepani chifukwa cha mawu anu amene ndinawanyoza ndisanawamve, ndipo pepani chifukwa cha bambo a kunyumba kwanu.

Kwa inu atolankhani anzanga a pafupi ndi khomo, ndilibe malangizo ambiri, poti munthu wonga ine sayenera kulangiza. Ndikudziwa kuti masiku ano Wotchi wanu ali pa foni ya m'thumba, ndipo akufuna nkhani filimu isanayambe n'komwe. Ndingokupemphani kuti masana ano musunthe, mulowe mkati mwa mizere, mukhale pamene potuluka mungafunike kuponda mapazi a anthu asanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu awa agwira ntchito zaka ziwiri. Inu apatseni maola awiri.

Kwa mtsogoleri wa filimuyi ndi gulu lanu lonse, akale asanu ndi atsopano asanu ndi awiri, ndikuthokozani chifukwa chotsegula sutikesi ija. Mwatenga chinthu chimene ine ndinachikwirira n'kuchiimika pa kanema, pamene sichingazimenso ngakhale magetsi atazima, poti eni ake a holo anditsimikizira kuti kuseri kuli jenereta. Theka limene ndaona ndi lokoma, loseketsa, ndipo nyimbo zake zimakutsatira mpaka kubafa. Za theka linalo sindinena kanthu. Ndikanena ndikaliona.

Ndatsala ndi pempho limodzi. Okonza mwambowu, mwa ulemu wawo, andiikira mpando kutsogolo kuno, kumapeto kwa mzere woyamba, pafupi ndi khomo, kuti mlendo wolemekezeka asavutike potuluka. Ndikuthokoza, koma mpando umenewo ndaukhala kokwanira. Ndikupempha wina aliyense wa pakati pa mzere kuti tisinthane. Mayi a kunyumba, nawa makiyi a galimoto, muwasunge m'chikwama ndipo musandipatse ngakhale nditachonderera. Ndikuona kuti mu mzere wachiwiri, kudzanja lamanja la Mayi Namwino, pali mpando umene mwaikapo gitala. Umenewo uli ndi mwini wake, ndipo sindingaupemphe. Wina aliyense kumbuyoko, ngakhale wothyoka mwendo, undikwanira.

Mayi... mwachotsa chikwama chanu pa mpando wakumanzerewo.

Ndipatseni kamphindi, amayi ndi abambo.

Sindikunena kuti mayiwa andikhululukira. Angochotsa chikwama, ndipo sanandiyang'anebe. Mtsogoleri akundinong'oneza kuti mayi ake akuti ndifulumire, ndikuchedwetsa filimu, ndipo akuti ndikangoyesa kudzuka mayina onse asanathe kudutsa, andigwira jekete. Ndamva, mayi. Ndikhala mpaka dzina lomaliza la wonyamula zingwe, ndipo lero ndidziwa ndi maso anga kuti namwino anakwatiwa ndi ndani.

Choncho, Mayi Wapampando, alendo olemekezeka, amayi ndi abambo, ndi ulemu umene sindinauyenere koma ndaulandira ndi manja awiri, m'dzina la anthu khumi ndi awiri amene anaimba dzuwa likulowera pawindo, ndi m'dzina la khumi ndi awiri amene atiimbire masana ano, ndikulengeza kuti kuonetsa koyamba kwa filimu ya Khomo Lolakwika kwatsegulidwa. A pakhomo, tsekani zitseko.

Zikomo kwambiri.